Ntchito n'ja amayi, nanga dzina n'la yani?

Chaka chilichonse likafika tsiku la 11 February, lomwe bungwe la United Nations lidakhazikitsa mu 2015 kuti dziko lonse lizikumbukira amayi ndi atsikana pa nkhani za sayansi, timamva mawu okoma kuchokera kwa akuluakulu athu. Amanena kuti mtsikana angathe kuchita chilichonse chimene mnyamata angachite, anthu n'kuomba m'manja, wailesi n'kuulutsa madzulo ake, kukacha nkhani yatha. Mawuwo sindikutsutsana nawo ayi. Chimene ndikufuna n'chakuti tiwanyamule, titsike nawo phiri pa msewu wochokera ku Blantyre, tiwoloke Shire pa mlatho wa Kamuzu, tidutse pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula mpaka pa Marka, tione ngati angakafike kumeneko ali amoyo.

Chigwa cha Shire ndachisankha dala. Maboma a Chikwawa ndi Nsanje ndi ena mwa madera amene anthu a sayansi amawakonda: abwerako kudzayeza magazi, madzi, dothi, udzudzu ndi nkhono kwa zaka zambirimbiri. Koma ndi komwekonso kumene mtsikana wobadwira konko amaona zakuda kuti afike ngakhale pakhomo chabe la labotale.

Tiyambe ndi malungo, pakuti m'chigwa mulibe khomo limene silidagonekepo mwana kaamba ka udzudzu. Mwana akatentha thupi mayi amamubereka kumka naye kuchipatala, ndipo akamupeza ndi malungo amamupatsa LA. Mankhwala amenewa boma lidayamba kugawa mu 2007, Fansidar atayamba kugonja monga momwe chloroquine adagonjera mpaka kuchotsedwa mu 1993. Dzina la LA aliyense akulidziwa, ngakhale agogo a kwa Ndamera. Koma imitsani munthu wa tayi pa Victoria Avenue, mumufunse kuti mphamvu ya mankhwalawa idatulukiridwa ndi yani, mudzaona akukanda m'mutu.

Adaitulukira ndi mayi wa ku China, a Tu Youyou. Mu 1969 boma la dziko lawo lidawaika kutsogolera kagulu kofufuza mankhwala atsopano a malungo. Iwo adafukula mabuku akale a asing'anga a kwawo, napeza m'buku lina la zaka zoposa 1,600 zapitazo malangizo oti chitsamba chotchedwa qinghao achiviike m'madzi ozizira ndi kuchifinya. Apa mpomwe adazindikira kuti ofufuza ankaononga mphamvu ya chitsambacho pochiwiritsa. Mu 1971 adapeza njira yotulutsira mankhwalawo popanda kutentha kwambiri, ndipo mu 1972 iwo ndi anzawo adayamba kumwa okha asanapatse wodwala aliyense. Koma zotsatira zitasindikizidwa mu 1977, papepalapo padalibe dzina lawo. Dziko lidadzawatchula atakalamba: mphoto ya Lasker mu 2011, ndi ya Nobel mu 2015 ali ndi zaka 84.

Inu amene mudakhala zaka kobisala ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare kapena ku London, nkhani yofufuta mayina simukuimva koyamba. Mudathawa dziko limene chilichonse chabwino chinkatchedwa dzina la munthu mmodzi: mlatho wa Kamuzu, chipatala cha Kamuzu, sukulu ya anamwino ya Kamuzu, bwalo la ndege la Kamuzu. Amisiri amene adasenza simenti ndi anamwino amene adachezera usiku adalibe mayina. Mu 1993 ndi mu 1994 tidathana ndi boma la chipani chimodzi, koma chizolowezi choti ntchito agwire wina dzina litchuke la wina tidachisiya chili chilili, ndipo amene chimawagwera kwambiri ndi amayi.

Tsono tiyeni titchule mayina. Loyamba ndi la Pulofesa Janelisa Musaya a ku Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ndi Kamuzu University of Health Sciences, katswiri wa tizirombo toyambitsa matenda, amene agwira ntchito yaikulu pa matenda a kaodzera ku Rumphi ndi ku Nkhotakota. Kuyambira mu 2021 iwo, pamodzi ndi Pulofesa Russell Stothard a ku Liverpool, adatsogolera kafukufuku wotchedwa HUGS wa matenda a likodzo m'midzi iwiri: Samama ku Mangochi ndi Mthawira ku Nsanje.

Pa likodzo ndichedwapo pang'ono, chifukwa ambiri a m'tauni timaliyesa nthenda ya anyamata osamvera amene amasambira m'zithaphwi. Ulendo wake uli chonchi. Munthu wodwala akakodzera m'madzi amasiyamo mazira a nyongolotsi. Mazirawo amaswa, tiana take n'kulowa m'thupi la nkhono ya m'madzi m'mene timachulukana. Pakapita masabata angapo timatuluka miyandamiyanda, ndipo aliyense woponda m'madzimo timamulowa pakhungu, popanda bala, popanda kumwa madziwo. M'thupi timakula n'kukhala nyongolotsi zokhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake ndiwo amabweretsa mkodzo wa magazi. Funso n'lakuti: m'mudzi wa m'mphepete mwa Shire, amene amaima m'madzi tsiku lililonse, kuchapa, kutsuka mbale, kutunga, kusambitsa mwana, ndi yani? Yankho mukulidziwa. Kwa mayi mazirawo sathera m'chikhodzodzo mokha. Amakakhazikika pakhomo la chiberekero ndi m'njira ya abambo, n'kuyambitsa zilonda, kutaya magazi, ululu pokhala malo amodzi ndi mwamuna, nthawi zina kusabereka kumene, ndipo zilondazo zimatsegulira khomo kachirombo ka HIV. Choipitsitsa n'chakuti zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana. Mtsikana wosadziwa mwamuna amabwera kuchipatala n'kubwerera ndi mankhwala olakwika komanso mbiri yoipa. Mayi wapabanja amatchedwa woyendayenda, pomwe tchimo lake ndi kuchapa zovala za mwamuna yemwe akumunyozayo.

Chimene gulu la a Musaya lidalondola n'chakuti nyongolotsi za likodzo la anthu zikukwatirana ndi zinzake zimene zimakhala m'ng'ombe ndi ziweto zina, n'kubereka mtundu wosakanizika umene ukupezeka mwa anthu. Kwa munthu wa ku Ngabu kapena kwa Tengani, kumene ng'ombe ndi anthu amamwera dambo limodzi, imeneyi si nkhani ya m'mabuku. Ikutanthauza kuti kugawa mapiritsi a praziquantel kwa ana asukulu kokha sikungathetse vuto ngati a zaumoyo ndi alangizi a ziweto sakhalira pamodzi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pano mwambiwo wachitika monga momwe ulili: pali mayi wa Chimalawi amene wadekha zaka akuyang'ana nkhono, ndipo ana athu a Folomu 3 amene amaloweza ulendo wa likodzo pokonzekera mayeso sadamvepo dzina lake.

Pamene namondwe Freddy ankayandikira mu March 2023, amene ankatsogolera nthambi ya boma yoona zanyengo ndi kuchenjeza mtundu adali Dr. Lucy Mtilatila, omwe kafukufuku wawo adakhudza momwe kusintha kwa nyengo kungasokonezere madzi a Nyanja ya Malawi, mtsinje wa Shire ndi magetsi amene timapanga pamtsinjewo. Khanda lobadwa masiku osakwana likatumizidwa ku Gulupu kuchokera kuchigwa, limakafikira m'chigawo cha ana chimene Dr. Queen Dube adachitsogolerapo, ndipo iwo adakhalaponso mmodzi mwa atsogoleri a ntchito ya NEST360 yobweretsa zipangizo zopulumutsira makanda m'zipatala za mu Africa. Pamwamba pa phiri, ku Ndata m'boma la Thyolo, Pulofesa Address Malata, namwino ndi mzamba, adasankhidwa mu 2016 kukhala mkulu wa Malawi University of Science and Technology, mayi woyamba kutsogolera yunivesite ya boma m'dziko muno. Kuchokera ku Thyolo kutsikira ku Thekerani mpaka kwa Muona ndi ulendo wa tsiku limodzi. Koma kwa mtsikana wa ku Makhanga, kukwera phiri lomwelo kukalowa pachipata cha sukulu imeneyo kuli ngati kupita kumwezi.

Ndipo tisanamizane kuti sayansi idafika m'chigwa ndi galimoto zoyera za mabungwe. Elias Mandala, m'buku lake la 1990 lofotokoza mbiri ya ntchito m'chigwa cha Shire kuyambira 1859 mpaka 1960, adaonetsa kuti kupanga mchere idali ntchito ya amayi, ndipo mcherewo udali katundu wamalonda wosinthanitsa ndi anthu a kumapiri. Ganizani zimene mayi wopanga mchere ankayenera kudziwa: dothi liti lili ndi mchere wambiri, alipale nyengo iti, athire madzi ochuluka bwanji posefa, awiritse mpaka pati kuti mchere utsale mumphika osapserera. Mwana wanu akachita zomwezo ndi kabotolo ndi kapepala kosefera ku sukulu ya mishoni timati akuphunzira kemisitiri. Agogo ake akachita ndi mphika wobooka timati ndi zachikale. Chimodzimodzi mayi amene amasankha ngala za mapira ndi mchewere zosungira mbewu, amene amadziwa tsiku loyenera kubzala kudimba madzi akamaphwera, amene angakuuzeni mjigo uti umatulutsa madzi a mchere ndi uti wa madzi okoma, amene m'chaka cha njala amadziwa pokazula nyika m'dambo la ng'ona ndi kaphikidwe kake.

Wina anena kuti ndikukometsera, kuti sayansi yeniyeni imafuna kuyeza, kulemba ndi kutsutsana poyera, osati kungotengera kwa makolo. Akunena zoona, ndipo sindikuti mayi wa kudimba alowe m'malo mwa katswiri wa ku Kasinthula. Zina zimene makolo ankakhulupirira zidali zolakwika, ndipo zidapha anthu. Koma kumbukirani kuti LA adayambira pa kuviika masamba m'madzi ozizira. Chimene chidasandutsa nzeru ya asing'anga kukhala mankhwala opulumutsa anthu mamiliyoni n'chakuti padapezeka munthu wodziwa zonse ziwiri, buku lakale ndi labotale. Munthu woteroyo m'chigwa cha Shire akadakhala mdzukulu wa mayi wa kudimba uja. Ndiye amene tikumutsekera njira.

Njirayi idatsekedwa kale. Ine ndidabadwa riferendamu itapita, koma amayi athu amene adavala chitenje cha nkhope ya Ngwazi akadali moyo ndipo amasimba. Mayi ankatchedwa mbumba, ntchito yake pamaso pa boma kudali kuvina ndi kuimba, ndipo kusukulu mtsikana ankakankhidwira ku zosoka ndi zophika. Lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa mayi kuvala thalauzi poyera mpaka lidachotsedwa mu 1993. Tangoganizani katswiri wofufuza nkhono akulowa m'dambo la Ndindi atavala diresi lofika m'munsi mwa mawondo. Mtsikana akatenga pathupi sukulu inkathera pomwepo, mnyamata wake n'kupitiriza. Kusintha kudabwera, tisakane. Mu 1993 padakhazikitsidwa ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Mu 1994 pulayimale idakhala yaulere. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa amayi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limafuna kuti polemba ntchito m'boma ndi posankha ophunzira a m'makoleji, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 idakonza malamulo aakulu kuti agwirizane nazo. Papepala Malawi ndi paradaiso wa mtsikana. Koma yang'anani pabwalo la ndege mtsogoleri akamatsika: zitenje zidangosintha mtundu, ovina ndi omwe aja.

Mtsikana wa kuchigwa akakhoza Sitandade 8, kawirikawiri amapita ku sekondale yoyendera, imodzi mwa zija zidali za MCDE zisanasandutsidwe ma CDSS mu 1998. Zambiri mwa sukulu zimenezi zilibe labotale yoyenera dzinalo. Mphunzitsi amajambula pabolodi chithunzi cha chipangizo chimene iyenso mwina adangochiona kukoleji, ana n'kukopera. Tsiku la mayeso a manja mwana amagwira koyamba chinthu chimene mnzake wa ku sukulu yogonera wakhala akuseweretsa zaka zinayi, kenaka onse awiri amapikisana pa malo amodzi a udokotala. Mnyamata wa pasukulu yomweyo akuvutikanso, inde. Koma iye akaweruka sapita kumjigo, kunkhuni ndi kumtondo, ndipo akachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu chifukwa kwawo n'kutali, palibe wamalonda wa pamsika amene amamudikira ndi sopo ndi ndiwo mwezi ukafika pakati.

Pamwamba pa izi pali madzi. Mu January 2015, mu March 2019 ndi Idai, mu January 2022 ndi Ana amene adagumula damu la Kapichira, ndi mu March 2023 ndi Freddy amene adasiya anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa ndi oposa 600,000 opanda pokhala m'chigawo cha kummwera, nkhani idali imodzimodzi: nyumba zikagwa anthu amathawira kusukulu, makalasi n'kusanduka misasa. Maphunziro amaima masabata. Akayambanso, pamabenchi pamakhala mipata, ndipo banja limene lataya mbewu, mbuzi ndi denga likamawerenga pakamwa pofunika kudyetsa, mwana amene amaoneka wosavuta kumuchotsa pa chiwerengero ndi wamkazi wa zaka 15. Lamulo la zaka 18 silifika kumsasa.

Pali nkhani ina imene anthu a m'tauni timaikonda kwambiri. Mu 2016 wailesi ya BBC idaulutsa za bambo wina wa ku Nsanje amene ankagwira ntchito ya ufisi, ndipo khoti lidamulamula kukakhala kundende zaka ziwiri. Miyambo ya kusasa fumbi ndi kulowa kufa ndi yoipa, iyenera kutha, ndipo mafumu ndi amayi ambiri a konko akulimbana nayo popanda kujambulidwa. Koma ndidaona momwe ena adaisandutsira ndodo yonyozera Asena ndi Amang'anja onse, ngati kuti fisi amakhala kuchigwa kokha. Ine ku yunivesite sindidamalize, ndidachoka pa zifukwa zanga, koma ndidakhalako mokwanira kuona atsikana anzeru kundiposa akusiya maphunziro a masamu ndi sayansi chifukwa mphunzitsi wina adawauza kuti malikisi ali m'manja mwake ndipo mtengo wake akuudziwa. Ameneyo ndi fisi wovala tayi. Mtsikana amene wapulumuka madzi, mjigo ndi ukwati n'kukwera phiri, amakamupeza akumudikira mu ofesi, ndipo akadandaula amafunsidwa umboni ndi anzake a fisi yemweyo.

Ndibwerere ku kafukufuku. Mu April 2019 Malawi adakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera m'zipatala za boma, ndipo Chikwawa ndi Nsanje adali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Midzi yozungulira Majete idakhala zaka ikuchita nawo kafukufuku wotseka mipata ya nyumba ndi kupha mphutsi za udzudzu. Ntchito zimenezi zapindulira chigwa ndi dziko lonse lapansi, ndipo ozichita ayamikidwe. Koma ndani adabereka mwana kumsana kupita naye kukabayitsa kanayi konse, dzuwa la ku Chikwawa lili pamutu? Ndani adatambasula mkono kupereka magazi, napereka mkodzo m'kabotolo, nayankha mafunso a zam'nyumba kwa mlendo? Ndani adayenda khomo ndi khomo ndi kaundula? Amayi, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi odzipereka a m'midzi. Malamulo a kafukufuku amabisa mayina a opereka magazi, ndipo n'koyenera kutero. Chimene sindikuvomereza n'chakuti patatha zaka zonsezi chigwa chizingopereka magazi ndi mkodzo, osaperekanso anthu oyang'ana mu maikulosikopu ndi kulemba mayina awo pamwamba pa pepala.

Pamenepa mpomwe makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje ali ndi mphamvu imene saigwiritsa ntchito. Palibe kafukufuku amene amalowa m'mudzi popanda kudzera kwa akuluakulu a boma ndi mafumu. Polandira alendowo, bwanji osapempha kuti atsikana angapo a Folomu 3 ndi 4 a sukulu zapafupi azikhala nawo patchuthi, aone momwe amagwirira udzudzu ndi kuwerengera mazira a likodzo, ndi kuti zotsatira zikatuluka zidzafotokozedwe pabwalo la mfumu m'Chisena ndi m'Chimang'anja, osati ku Liverpool kokha? Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira yomwe cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000, idzafuna akatswiri a madzi, a dothi ndi a tizirombo kwa zaka makumi ambiri, ndipo ngalande iliyonse ndi nyumba yatsopano ya nkhono. Akatswiri amenewo lero ali Folomu 1. A unduna wa maphunziro nawo angatiuze chimene chikuwaletsa kuika dzina la Musaya pa tsamba la likodzo ndi la Tu Youyou pa tsamba la malungo m'mabuku a ana athu; inki yake siingagwetse bajeti.

Kwa aphungu a m'chigwa ndili ndi funso limodzi, ndipo nyuzipepala ino idzasindikiza yankho la aliyense amene ayankhe. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu lakhalapo kuyambira 2006. M'zaka zonsezi, m'dera lanu, ndi sekondale zingati zoyendera zimene zamangiridwa labotale yokhala ndi madzi, zipangizo ndi mphunzitsi, ndipo ndi zingati zili ndi malo ogona atsikana omangidwa pamtunda pomwe Shire safika? Mutitumizire mayina a sukuluzo ndi chaka chimene zidamangidwa, tidzapita tokha kukaona.